Mng'ono wanga amupeza ndi borderline personality disorder, ndipo amalume akuti abwerere kumudzi

Zokambirana pa gulu la Amalawi okhala ku Johannesburg

Naphiri, Rosettenville:
Ndikupereka moni kwa makolo ndi abale nonse a pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani ya m'banja, ndipo mwini wake wandilola kuti ndiilembe bola ndisatchule dzina lake. Mng'ono wanga, wa zaka 24, wakhala nane kuno kuyambira chaka chatha. Ndi mtsikana wanzeru komanso wolimbikira ntchito, koma mtima wake sukhazikika. M'mawa amatha kukuuzani kuti inu ndinu mayi ake enieni ndipo palibe wina womukonda, koma madzulo a tsiku lomwelo, chifukwa choti mwachedwa kuyankha foni, amakulalatirani n'kumanena kuti mwatopa naye ndipo mukufuna kumutaya. Ntchito wasiya kawiri chifukwa chokangana ndi mabwana. Chibwenzi chake chitatha mwezi wathawu anadzivulaza, moti tinathamangira naye kuchipatala usiku. Atamugoneka masiku angapo, adokotala anatiuza kuti ali ndi matenda a maganizo otchedwa borderline personality disorder ndipo anati mapiritsi okha sangamuchiritse. Amalume ku Dedza akuti ndimukweze basi kuti akalangizidwe ndi akuluakulu, chifukwa iwo akuona kuti Joni yamuwononga. Ine ndatopa, sindibisa, komanso ndikuopa kuti ndikamutumiza ndidzalandira uthenga woipa. Amene mukudziwa za matendawa ndithandizeni.

Abambo Mbewe, Mayfair:
Pepani ndi zimene mukudutsamo, mayi Naphiri. Ine ndakhalitsa mumzinda uno ndipo ndaona ana ambiri akutayirira akangoyamba kugwira ndalama zawo. Mundikhululukire ngati ndikulankhula mosadziwa, koma pa zimene mwafotokozazi ine ndikuonapo mwano ndi kusowa mwambo. Masiku ano khalidwe lililonse loipa likupatsidwa dzina la matenda, ndipo mwana akamva kuti akudwala amapezerapo mwayi. M'mera mpoyamba, ndipo amalume anuwo sakulakwa pofuna kuti mwana akakhale pansi ndi akuluakulu.

Anamwino Nabanda, Turffontein:
Abambo Mbewe, maganizo anuwo ndi a makolo ambiri, ndipo ndiyankha mwaulemu monga munthu amene ndimagwira ntchito m'wodi ya odwala matenda a maganizo. Mwana wamwano amasankha womuchitira mwano ndipo amapindulapo kanthu. Munthu amene achemwali Naphiri akumufotokozayu sakupindula chilichonse, chifukwa wataya ntchito, wataya chibwenzi, ndipo wavulaza thupi lake lomwe. Ambiri mwa odwala otere, mkwiyo ukatha amadzida kwambiri ndipo amachita manyazi oti sangathe n'kukuyang'anani kumaso.

Dokotala sapereka dzinali chifukwa cha mkangano umodzi. Pali zizindikiro 9, ndipo munthu amayenera kukhala ndi zosachepera 5 zimene zakhalapo kwa zaka, kawirikawiri kuyambira pa unyamata kapena utsikana, ndiponso zimaonekera paliponse, kunyumba, kuntchito ndi m'chikondi. Chachikulu ndi mantha oopsa a kusiyidwa, ngakhale pamene palibe amene akuganiza zomusiya. Pamakhalanso maubwenzi amene lero amakweza munthu kumwamba mawa n'kumugwetsa, kusadziwa bwinobwino kuti iye ndi ndani ndipo akufuna chiyani pa moyo, kuchita zinthu mopupuluma monga kumwaza ndalama kapena kumwa mowa mosadziletsa, kudzivulaza kapena kuyesa kudzipha, mtima wosinthasintha m'maola ochepa, kumva kuti mumtima mulibe kanthu, mkwiyo wovuta kuugwira, ndiponso kukayikira aliyense kapena kumva ngati sali m'thupi lake akapanikizika. Vutoli limapezeka mwa munthu mmodzi kapena awiri pa anthu 100 alionse, ndipo m'mawodi a matenda a maganizo limapezeka mwa wodwala mmodzi pa 5 alionse. Si la Azungu ayi, chifukwa ine ndaliona mwa Azulu, Asotho, Amwenye ndi Amalawi anzathu.

Achemwali Naphiri, tisanakambe zambiri, chinthu choyamba ndi chitetezo. Mabuku a zachipatala amati mpaka munthu mmodzi mwa 10 amene ali ndi vutoli amafa podzipha, choncho mawu akuti ndikufuna kufa musamawatenge ngati kungoopseza, ngakhale mwawamva kakhumi. Mankhwala onse a m'nyumba muwasunge inuyo pamalo okhoma, pamodzi ndi zinthu zakuthwa zimene angadzivulaze nazo. Mulembe pafoni yanu ndi yake nambala ya SADAG, bungwe lothandiza anthu pa matenda a maganizo, ya anthu amene akuganiza zodzipha, 0800 567 567, imene ndi yaulere ndipo imayankhidwa usana ndi usiku. Zikafika poipa mupite naye kuchipatala mosazengereza. Kuno ku South Africa kuyesa kudzipha si mlandu, ndipo gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limati palibe munthu amene angakanizidwe chithandizo chadzidzidzi.

Mayi a Tadala, Cosmo City:
Anamwino, msuweni wanga ali ndi bipolar ndipo chiyambireni kumwa lithium ali bwinobwino, akugwira ntchito ndi kulera ana ake. Kodi zimene mwafotokozazi si zomwezo? Nanga bwanji mwanayu osangomupatsa mankhwala omwewo?

Anamwino Nabanda, Turffontein:
Funso lanu ndi labwino, mayi a Tadala, chifukwa ngakhale kuchipatala matenda awiriwa amasokonezedwa. Bipolar ndi matenda amene munthu amasinthasintha pakati pa kutakasuka mopitirira muyezo ndi kukhumudwa kwambiri. Munthu wa bipolar akakwera amakhala wokwera kwa masiku angapo kapena sabata yathunthu ndi kupitirira, sagona koma satopa, amalankhula mothamanga ndi kupanga mapulani aakulu, ndipo nthawi zambiri sipakhala munthu amene wamuputa. Akatsika amatsikanso kwa masabata. Wa borderline amasintha m'maola ochepa, ndipo mukafufuza mupeza kuti pali chimene chachitika pakati pa iye ndi munthu wina, mwina uthenga wosayankhidwa kapena nkhope imene iye waiona ngati yamunyoza. Ena amakhala ndi matenda onse awiri, n'chifukwa chake dokotala amafunsa mbiri yaitali.

Palibe piritsi limene linavomerezedwa kuti limachiza borderline. Bungwe la NICE la ku Britain, limene limapereka malangizo kwa madokotala, m'malangizo ake a 2009, linanena kuti mankhwala asaperekedwe pofuna kuchiza vutoli palokha, ndipo ngati munthu wapatsidwa ogonetsa pa nthawi ya chipwirikiti zisapitirire sabata imodzi. Mankhwala amathandiza pa matenda ena amene amabwera limodzi nalo, monga dipuleshoni kapena nkhawa yaikulu. Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti ndimakumana ndi atsikana amene akumwa mitundu inayi kapena isanu ya mapiritsi, anenepa ndipo amangosinza, koma palibe amene anakhala nawo pansi kuwaphunzitsa chochita mtima ukawira. Ndiwonjezere kuti mtsikana aliyense amene wapatsidwa mankhwala otchedwa valproate ayenera kukambirana ndi dokotala za kulera, chifukwa mankhwalawa amawononga mwana m'mimba, koma asasiye kumwa payekha asanaonane ndi dokotalayo.

Achimwene Gondwe, Braamfontein:
Ine ndikuphunzira za maganizo a anthu ku yunivesite ndipo sindinafike poona odwala pandekha, choncho ndingowonjezera za m'mabuku pa zimene anamwino anena. Buku la madokotala a ku America lotchedwa DSM-5, limene linatuluka mu 2013, lili ndi mavuto 10 a umunthu, ndipo linawagawa m'magulu atatu. Gulu B ndi la anthu otengeka mtima kwambiri ndiponso osakhazikika, ndipo muli mavuto anayi: borderline, histrionic, narcissistic ndi antisocial. Buku la World Health Organization lakale, ICD-10, linkalitcha vuto la mng'ono wa achemwali Naphiri emotionally unstable personality disorder, ndipo mukaona F60.3 pa khadi lake la kuchipatala mudziwe kuti ndi lomweli. Buku latsopano, ICD-11, limene linayamba kugwira ntchito mu 2022, linasiya kugawa anthu m'mayina ambirimbiri ndipo limangoyeza ngati vutolo ndi lochepa, lapakatikati kapena lalikulu, ngakhale kuti dzina la borderline analisunga.

Nkhani yolimbikitsa ndi yakuti vutoli limachizika, zimene madokotala akale sankakhulupirira. Chithandizo chimene chafufuzidwa kwambiri ndi chithandizo chokambirana ndi katswiri chotchedwa DBT, chimene anakonza Marsha Linehan wa ku University of Washington ku Seattle, ndipo zotsatira za kafukufuku wake woyamba zinatuluka mu 1991. Mayiyu anaulula mu 2011 kuti iye mwini anagonekedwapo m'chipatala cha matenda a maganizo ali mtsikana ndipo ankadzivulaza. Iye anayerekeza odwalawa ndi munthu amene wapsa ndi moto thupi lonse, amene kungomukhudza pang'ono amamva ululu woopsa. Mu DBT munthu amaonana ndi katswiri payekha sabata iliyonse, amapitanso pa gulu kukaphunzira maluso a mitundu inayi, omwe ndi kuika maganizo pa zimene zikuchitika panopa, kupirira nthawi yowawa popanda kudzivulaza, kuwongolera mtima, ndi kukhala bwino ndi anthu. Maphunziro a pagulu amatenga miyezi 6 ndipo kawirikawiri amabwerezedwa kuti chikwane chaka. Palinso njira ina yotchedwa MBT, ya Anthony Bateman ndi Peter Fonagy a ku London, imene imaphunzitsa munthu kuima kaye n'kudzifunsa chimene chili mumtima mwake ndi chimene chingakhale mumtima mwa mnzake, m'malo mongotsimikiza kuti mnzakeyo akumuda.

Mary Zanarini wa ku chipatala cha McLean ku America anatsatira odwala 290 kwa zaka zambiri. Patatha zaka 10, odwala 93 pa 100 alionse anali atakhalapo zaka ziwiri zathunthu zizindikiro zitachepa moti sakanatchedwanso odwala borderline. Koma ndisakunamizeni, amene anafika pokhazikika pa ntchito kapena sukulu komanso pa ubale wabwino ndi anthu anali theka lokha. Ine ndimaona kuti chiwerengero chachiwirichi n'chimene chimatikhudza ife achibale, chifukwa chikusonyeza kuti kudzivulaza kumatha msanga kusiyana ndi kumanganso moyo.

Woyang'anira gulu:
Pali membala amene wanditumizira uthenga kumbali ndipo wapempha kuti ndiuike pano popanda dzina lake. Ndikuuika monga momwe waulembera.

Membala wosatchulidwa dzina:
Ndine mayi wa zaka za m'ma 30 ndipo dzina limene apatsa mng'ono wanuyu anandipatsanso ine. Ambiri a inu timapemphera limodzi ndipo simungandiganizire, n'chifukwa chake ndabisala. Abambo Mbewe, sindikukwiyirani, chifukwa bambo anga ankalankhula chimodzimodzi. Ananditengera kwa ankhoswe, kwa asing'anga ndi kumapiri kukasala kudya, ndipo paliponse ndinkalonjeza ndi mtima wonse kuti ndasintha. Lonjezolo linkatha tsiku limene mwamuna wanga wachedwa kubwera kuchokera kuntchito. Pofika 8 koloko usiku ndinkakhala nditatsimikiza kuti wandisiya, thupi lonse likunjenjemera, ndipo akamalowa pakhomo ndi buledi m'manja ine ndinali nditamutayira kale zovala panja. Malangizo ndinali nawo ochuluka kuposa munthu wina aliyense. Chimene ndinalibe ndi njira yodutsira mphindi 20 zimene mtima uli pamoto.

Njirazo ndinaziphunzira pa gulu la DBT, ndipo zina mukazimva mukhoza kuseka. Anatiphunzitsa kuti mtima ukafika pachimake tiviike nkhope m'beseni la madzi ozizira kwambiri kwa kanthawi, chifukwa zimenezi zimachepetsa kugunda kwa mtima, ngakhale anatichenjeza kuti amene ali ndi matenda a mtima afunse kaye dokotala. Anatipatsa khadi lolembapo tsiku lililonse kukula kwa mkwiyo, kwa manyazi ndi kwa chilakolako chodzivulaza. Ndikalakwitsa, katswiri wanga sankandikalipira komanso sankandisisita, koma tinkakhala pansi n'kutsata chochitikacho kuyambira pamene chinayambira, kuti ndinagona bwanji, ndinadya kapena ayi, ndinamva mawu ati, ndinaganiza chiyani, mpaka tipeze malo amene ndikanakhotera kwina. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa ndipo ndinkaida, moti nthawi zina ndinkadziletsa kudzivulaza pongoopa kukafotokoza zonsezo kwa katswiri wanga Lachinayi.

Achemwali Naphiri, ndikuuzeni zimene mkulu wanga anachita zimene zinandithandiza. Anasiya kundiuza kuti ndikukokomeza. Ndikalira kuti aliyense akundida, iye sankavomera kuti n'zoona, koma ankati, ndikuona kuti zakupweteka kwambiri, tiye tione chimene chachitika. Mawu amenewo ankandibweza pansi kusiyana ndi kundiuza kuti ndilimbe mtima. Koma anaikanso malire ndipo sanawasunthe. Anandiuza kuti ndikayamba kumutukwana adula foni ndipo aimbanso pakatha ola limodzi, ndipo ankaimbadi pakatha ola limodzi, osaphonya. Poyamba ndinkaona ngati wanditaya, koma m'kupita kwa nthawi ndinaphunzira kuti munthu akhoza kuchoka n'kubweranso. Lero ndili pa ntchito imodzi chaka chachinayi. Mtima umawirabe, koma suwononganso nyumba.

Za kumudzi ndinena mosapita m'mbali. Mukamukweza basi panopa, atangotuluka kumene m'chipatala ndiponso chibwenzi chitangotha, iye sadzamva kuti mukumuthandiza. Adzamva kuti chimene wakhala akuopa moyo wake wonse chachitika.

Abambo Mbewe, Mayfair:
Mwana wanga, ndawerenga mawu ako mofatsa ndipo andikhudza. Komabe funso langa likadalipo, ndipo ndikulifunsa monga kholo. Ngati tivomera kuti awa ndi matenda, ndiye kuti mwana akatukwana mkulu wake amene akumudyetsa ndi kumulipirira lendi, tizingoti ndi matenda basi? Nanga wolakwiridwayo apita kuti?

Membala wosatchulidwa dzina:
Ayi bambo, sitikutero. Pa gulu lathu ankatiuza kuti mwina mavuto athu sitinawayambitse tokha, koma udindo wowakonza ndi wathu. Ndikatukwana munthu ndimayenera kupepesa ndi kukonza chimene ndawononga, ndipo ndinabwezadi ndalama za foni ya mkulu wanga imene ndinaswa. Dzina la matenda linandithandiza kudziwa kumene ndingapeze chithandizo, koma silinandichotsere mlandu.

Abusa Chirwa, Yeoville:
Ndikufuna kulankhula kwa atumiki anzanga amene ali pagulu pano. Mwana wotere akabwera kwa ife timupempherere ndithu, koma tisamuuze kuti ali ndi chiwanda kapena kuti chikhulupiriro chake n'chochepa, chifukwa munthu amene akudzida kale akamva zimenezo amangotsimikiza kuti ndi wotayika. Tisamuletsenso kupita kuchipatala. Mpingo ukhoza kuthandiza pa zinthu zooneka, monga ndalama ya thiransipoti yopitira kukaonana ndi katswiri, kapena amayi awiri osinthana kukhala naye kuti mayi Naphiri apumeko.

Nachisale, Diepsloot:
Pepani kuti ndikulowetsa nkhani yanga, koma achimwene Gondwe atchula narcissistic ndipo mawu amenewa ndakhala ndikuwamva pa TikTok. Zonse zimene amanena kumeneko zikufanana ndi bambo a kunyumba kwanga. Pagulu ndi munthu wokoma ndipo aliyense amawatamanda, koma kunyumba salakwa, amandilanda malipiro anga, amandinyoza pamaso pa ana, ndipo chaka chino ayamba kundimenya. Kodi chithandizo chimene mukunenachi chingawasinthe?

Achimwene Gondwe, Braamfontein:
Amayi, pepani kwambiri. Palibe amene angapeze matenda a munthu kudzera m'mavidiyo kapena m'nkhani ya pagulu, ndipo masiku ano mawu akuti narcissist akungomatidwa pa mwamuna aliyense wodzikonda. Vuto lenileni la narcissistic ndi la munthu amene amadziona wapamwamba kuposa ena, amafuna kutamandidwa nthawi zonse, samva ululu wa mnzake, ndipo akadzudzulidwa pang'ono amapsa mtima kapena kugwa mphwayi chifukwa pansi pa kudzikuzako pamakhala mtima wosalimba. La antisocial ndi la munthu amene amaphwanya malamulo ndi ufulu wa ena mobwerezabwereza, amanama ndipo samva chisoni, ndipo dzinali limaperekedwa kwa munthu wa zaka 18 kapena kuposa amene khalidwe loterolo linayamba asanakwanitse zaka 15. La histrionic ndi la munthu amene sapeza mtendere ngati maso a anthu sali pa iye. Pa mavuto atatuwa umboni wa chithandizo ndi wochepa poyerekeza ndi borderline, ndipo chifukwa china n'chakuti anthu ake sabwera okha kudzafuna thandizo. Wa borderline amavutika ndipo amadziwa kuti akuvutika. Enawa kawirikawiri amaona kuti olakwa ndi anzawo, ndipo chithandizo chokambirana sichigwira ntchito pa munthu amene sakufuna kusintha.

Anamwino Nabanda, Turffontein:
Achemwali Nachisale, ine ndisiya za mayina a matenda. Kaya bambowo ali ndi vuto la umunthu kaya alibe, kumenya ndi kulanda malipiro ndi nkhanza, ndipo simuyenera kudikira kuti dokotala awapeze ndi matenda kuti mudziteteze. Amuna ambiri omenya akazi alibe matenda alionse a maganizo. Lamulo la Domestic Violence Act la 1998 limakulolani kukapempha kalata yokutetezani ku khoti la majisitireti la m'dera lanu, ndipo simulipira kanthu. Nambala ya boma ya nkhani za nkhanza ndi 0800 428 428. Musawauze kuti mwawatulukira kuti ndi narcissist, chifukwa zimenezo zikhoza kungoutsa ukali. Ndakutumizirani uthenga kumbali kuti tikambirane bwino.

Naphiri, Rosettenville:
Ndathokoza nonse, makamaka mchemwali amene mwabisa dzina, chifukwa mwandiuza zimene mng'ono wanga amalephera kundiuza. Pali chinthu chimene chikundidya mumtima. Mayi athu anamwalira iye ali ndi zaka 6, ndipo anakulira m'manja mwa achibale osiyanasiyana, chaka chino kwa azakhali, chaka chamawa kwa agogo, ine ndili kuno kusaka ndalama. Kodi ndife tinamudwalitsa?

Achimwene Gondwe, Braamfontein:
Achemwali, vutoli silikhala ndi gwero limodzi. Kafukufuku wa mapasa ndi mabanja amasonyeza kuti pafupifupi theka la chiopsezo munthu amabadwa nacho, kutanthauza kuti ana ena amabadwa ndi mtima womva zinthu mwamphamvu kuposa anzawo. Mwana wotere akakumana ndi imfa ya kholo, kusamutsidwasamutsidwa, kunyozedwa akalira, kapena kuchitidwa nkhanza, chiopsezo chimakula. Ambiri mwa odwalawa amafotokoza zowawa za paubwana, koma si onse, ndipo ana ambiri amasiye amakula popanda vutoli. Achibale amene ankamulandira ankachita zimene akanatha, ndipo inu munabwera kuno kuti iye adye ndi kuphunzira. Kusaka wolakwa sikumuthandiza. Koma ngati tsiku lina adzakuuzani kuti pali munthu amene anamuchita zoipa ali mwana, mudzamumvetsere ndipo musadzathamangire kuteteza dzina la banja.

Anamwino Nabanda, Turffontein:
Tsopano ndinene za kumene mungapite. Pomutulutsa m'chipatala anayenera kukupatsani kalata ndi tsiku lobwerera, ndipo tsiku limenelo musaliphonye. Mukakafika mufunse mwachindunji ngati angaonane ndi saikolojisiti komanso ngati pali gulu la DBT, chifukwa mukangokhala chete mudzangolandira mapiritsi n'kubwerera. Zipatala zazikulu za boma monga Helen Joseph, Charlotte Maxeke ndi Chris Hani Baragwanath zili ndi madipatimenti a matenda a maganizo. Chipatala cha Tara ku Hurlingham, kufupi ndi Sandton, chili ndi wodi ya chithandizo chokambirana, koma munthu safikako yekha popanda kalata yochokera kwa dokotala, ndipo pamakhala kudikira. Ku yunivesite ya Wits kuli Emthonjeni Centre, kumene ophunzira a digiri yachiwiri amaona anthu moyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo. A SADAG nawonso akhoza kukulozerani magulu othandizana amene ali pafupi nanu. Mukaganiza zopita kwa katswiri wolipira, muonetsetse kuti ndi wolembetsedwa ku HPCSA, bungwe loyang'anira akatswiri a zaumoyo kuno, chifukwa pa intaneti pali anthu ambiri odzitcha alangizi.

Dziwaninso kuti kugonekedwa m'chipatala kwa nthawi yaitali si kumene kumachiza vutoli. Wodi imathandiza masiku ochepa pamene moyo uli pachiswe, ndipo lamulo la Mental Health Care Act la 2002 limalola kuti munthu amene ali pangozi koma akukana chithandizo aunikidwe kwa maola 72. Kuchira kwenikweni kumachitika munthu ali kunyumba, akupita kuntchito, akukangana ndi anthu n'kumaphunzira kukangana popanda kudziwononga.

Za Dedza, ine sindikunena kuti kumudzi n'koipa. Kwathu kuli Zomba Mental Hospital, kuli St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo m'zipatala za maboma muli anamwino a matenda a maganizo. Koma akatswiri a chithandizo chokambirana ndi ochepa kwambiri ndipo ambiri ali m'mizinda, pamene mtsikanayu akufunika munthu womuona sabata iliyonse. Ngati tsiku lina adzafuna yekha kubwerera, mudzakonze naye limodzi, atakhazikika, ali ndi kalata ya dokotala, ndipo mutadziwa kale amene akamuone kumeneko. Amalume muwaimbire muwafotokozere mwaulemu kuti mwana ali pa chithandizo ndipo madokotala akufuna kumuonabe, kenako muwapemphe kuti azimuimbira Lamlungu lililonse kungomufunsa za moyo, osati kumuweruza. Akuluakulu akapatsidwa mbali yawo savuta.

Abambo Mbewe, Mayfair:
Ngati amalumewo avuta, mayi Naphiri, mundipatse nambala yawo kumbali ndilankhule nawo monga mkulu mnzawo. Sindinagwirizane ndi zonse zimene zanenedwa pano, ndipo ndikukhulupirirabe kuti mwambo uli ndi malo ake, koma za kukweza mwana basi mwezi uno ndaona kuti n'zosayenera.

Mayi a Tadala, Cosmo City:
Ine nkhawa yanga ili pa ntchito. Ambiri a ife timagwira m'nyumba za anthu kapena m'mashopu, ndipo kupempha tsiku sabata iliyonse n'kovuta. Mtsikanayu akapeza ntchito ina, kodi adzayenera kuuza abwana kuti ali ndi matenda a maganizo? Nanga chithandizochi chimachitika m'chilankhulo chanji, poti ena Chingerezi chimatithera panjira tikakhumudwa?

Anamwino Nabanda, Turffontein:
Sakakamizidwa kuulula. Malamulo a HPCSA amati dokotala alembe dzina la matenda pa kalata ya kuntchito pokhapokha wodwala atavomera, apo ayi amangolemba kuti munthuyo anaonedwa kuchipatala ndipo sakanatha kugwira ntchito tsiku limenelo. Ndi bwino kupempha tsiku limodzi lokhazikika pa sabata kuyambira pamene akulembedwa ntchito, kusiyana ndi kumapempha mwadzidzidzi, ndipo akhoza kungonena kuti ali ndi kiliniki.

Za chilankhulo, magulu ambiri kuno amachitika m'Chingerezi, ndipo ena amasakaniza ndi Chizulu kapena Chisotho. Ngati mng'ono wanu amamva Chingerezi, achemwali Naphiri, alowe yekha, ndipo khadi lake la tsiku ndi tsiku akhoza kumalemba m'Chichewa n'kumamasulira yekha pokambirana ndi katswiri. Inu musakhale womasulira wake m'chipinda, ngakhale atakupemphani, chifukwa pali zinthu zokhudza inuyo zimene ayenera kuzinena momasuka inu kulibe. Ngati womasulira afunikadi, auzeni a kuchipatala pasadakhale kuti apeze munthu amene si wachibale ndiponso si wa mumpingo mwanu.